Jumbo ya Mafupa

Mawu a Chisipanishi amene ndimawadziwa sakwana khumi, ndipo onse ndi onena za mafupa. Limodzi mwa mawuwo ndinalisandutsa dzina la munthu wamkulu, mayi wa ana anayi, kenako ndinawanamiza tanthauzo lake. Papita zaka, koma ndikakumbuka nkhope imanditenthabe.

Nthawi imeneyo ndinali wophika wamkulu pa loji ina cha ku Kande. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo kunyanjako ndinafika ndi matama a munthu amene anaphikapo mu hotela ya ku Lilongwe, ngakhale kuti ku Lilongweko ntchito yanga yeniyeni inali yosenda mbatata. Zimenezo palibe ankazidziwa. Chomwe ankadziwa n'chakuti a shefu ndi oseketsa, pakamwa pawo sipapuma, ndipo akakupatsa dzina ufa nalo. Mlonda wa pageti ndinamutcha Bulangete nditamupeza atadzifunditsa mutu womwe dzuwa litatuluka kale, ndipo ndikumva kuti ana ake omwe amamutchula choncho mpaka lero. Ndinkanyadira luso limeneli kuposa kuphika.

Pa loji paja panali mwambo umene ndinaupeza ndipo sindinaone chifukwa choukonzera. Nyama ikabwera, minofu inkapita kwa alendo, mafupa tinkawawiritsa kuti titenge msuzi wa supu. Tikatsanula msuziwo, mafupa aja eni loji analibe nawo ntchito. Ankakhala a wophika wamkulu, pamodzi ndi mitu ya nsomba ndi misana ya nkhuku, ndipo wophikayo ankapatsa amene wamukonda tsiku limenelo. Kwa munthu wakunja izi ndi zinyalala. Kwa ife ogwira ntchito pamenepo, jumbo ya mafupa a ng'ombe okhala ndi mafuta m'kati inali ndiwo ya masiku awiri. Ufumu wanga wonse unali umenewo, ndipo ndinkaulamulira ngati ndinachita kuvekedwa.

Amayi amene ndikunenawa ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi, komanso kukonza zipinda za alendo. Anali Atonga a mudzi wa kumtunda kwa msewu waukulu, ondiposa msinkhu ndi zaka ngati khumi. Sankalankhula kwambiri. Ankabwera wapansi m'mawa uliwonse, koma nsapato zawo zinkakhala zopukuta ndipo mpango wa kumutu unkakhala wosita, ngati akupita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Ine ndinkangowatchula kuti amayi ochapa, iwo ankanditchula kuti ada, mmene Atonga amalemekezera mwamuna.

Chaka chimenecho amayiwo anayamba kuonda. Chakudya chamasana cha antchito sankadya, ankachiika m'kakontena n'kupita nacho kunyumba. Ndiye tsiku lina anaima pakhomo la khitchini, manja ali kumbuyo.

"Ada, ngati patsala mafupa, mundikumbukireko. Adada a ana satha kutafuna, amangomwa zamadzimadzi."

Nkhani ya amuna awo ndinali nditaimva. Anali msodzi, anagwa akukoka ukonde, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo anali pamphasa. Choncho sindinganene kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa, koma ndinaimva mmene umamvera uthenga wa maliro pa wailesi uli kalikiliki kudula anyezi. Ndinawapatsa mafupa tsiku limenelo, mawa lakenso, mpaka zinakhala zachizolowezi. Anzanga ena anadandaulako, koma ndani akanatsutsana ndi a shefu.

Mvula itayamba, alendo anachepa. Panatsala mkulu wina wa ku Spain, wa imvi, mphunzitsi wopuma pantchito. Iyeyu anaterereka pamwala akutuluka m'madzi n'kuthyoka mwendo. Anapita naye ku Mzuzu, anabwerako ndi chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pabondo, ndipo anamuuza kuti asayende ulendo wautali mpaka fupa ligwirane. Ulendo wake wa masiku asanu unasanduka wa milungu isanu ndi umodzi. M'chipinda munamukwana, ndiye anapempha kuti timuikire mpando pakhonde la kuseri, pafupi ndi khomo la khitchini, kuti aziona anthu. Tinkacheza m'Chingerezi. Chake chinkatsimphina ngati mwini wake, changa chinali cha m'khitchini, koma tinkamvana.

Tsiku loyamba anagogoda chikhakha chija ndi chala n'kunena kuti, "Hueso." Anandilembera pa katoni ya mafuta ophikira. Chilembo choyambacho satchula, ndiye amati weso, ndilo fupa, ndipo akakhala ambiri amati wesos. Ine pakamwa panga pa ku Dedza panawonjezera zake, n'kukhala wesosi. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, koma anandisiya.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ankandipatsa fupa latsopano. Akudya mango anakweza njere yaikulu ya m'kati ija n'kunena kuti kwawo imeneyonso ndi hueso. Ndinamuuza kuti anthu oona mafupa m'mango ndi ofunika kuwapempherera. Tsiku lina anandiuza kuti mphunzitsi wouma mtima, wosapereka malikisi mwachisawawa, ana amamutchanso hueso, ndipo iye anakhala ndi dzina limenelo zaka zonse zimene anaphunzitsa. Ananena zimenezi monyadira ndithu. M'mawa wina ndinafika pa njinga mvula itandivumbwa kuchokera kunyumba, madzi akuchucha m'buluku, iye n'kundiloza ndi ndodo yake yoyendera. "Calado hasta los huesos," anatero, kutanthauza kuti ndanyowa mpaka m'mafupa. Zonsezi ndinkazilemba pa katoni paja, ndipo ndinaikhomerera pakhoma kuti aliyense wolowa aziona kuti a shefu tsopano akuwerenga zilankhulo zinayi.

Ndiye panabwera tsiku la galu. Panali galu wina wa m'mudzi amene ankazemberera kudzala lathu, nthiti zake ukanatha kuziwerenga uli patali. Mkulu uja anamuyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Está en los huesos." Anandifotokozera kuti amatero ponena za munthu kapena nyama imene yaonda mpaka kutsala mafupa okhaokha. Ndinamuuza kuti kwathu timati waonda ndi mutu womwe. Tili mkati mofananitsa zimenezi, amayi ochapa anadutsa atasenza beseni la nsalu zonyowa, khosi litatalika, mafupa a pamapewa ataonekera pa bulauzi. Maso anga anachoka pa galu uja n'kupita pa iwo. Dzina linali litabadwa kale m'mutu mwanga, ndipo ndinkalakalaka nthawi ya chakudya ifike.

Masana amenewo, antchito titakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri, ndinadikira amayiwo atenge kakontena kawo achoke. Atangokhota pakona ndinawafotokozera anzanga za mawu aja, za galu uja, kenako ndinaloza ndi supuni kumene amayiwo analowera. "Ndi amenewo a Wesosi," ndinatero. "Ndipo tsiku lililonse amabwera kudzatenga abale awo m'jumbo." Anthu anaseka chikhakhali. Wina mpunga unamulowa pamphuno. Ine ndinakhala chiwongokere, mtima uli mbee, ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Madzulo ake, nthawi yoweruka, ndinaima pakhomo la khitchini ndi jumbo m'manja n'kuitana mokweza kuti, "A Wesosi." Amayiwo anayang'ana uku ndi uku, ataona kuti ndikuyang'ana iwo anabwera akupukuta manja pa chitenje.

"Ndiye ine, ada?"

"Ndinu amene. Takupatsani dzina la Chisipanishi."

"Likutanthauza chiyani?"

Apa ndi pamene ndikanabwerera. Kumbuyo kwanga anyamata a m'khitchini anali atagwira pakamwa. Ndinayang'ana amayiwo m'maso, nkhope yanga ili yowongoka ngati ya mkulu wa mpingo.

"Likutanthauza munthu wolimbikira ntchito, ama."

Anamwetulira pang'ono. Anapinda maondo, nalandira jumbo ija ndi manja awiri. "Yewu, ada," anathokoza m'Chitonga. Atachoka, khitchini yonse inaphulika ndi phwete.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Ndinkaitana, iwo ankayankha kuti "Ndili pano, ada," ankalandira ndi manja awiri, ife tinkaseka akapita. Dzinalo linafalikira mwachangu. Operekera zakudya analitola, wa m'dimba analitola, ngakhale Bulangete wa pageti, amene anayenera kudziwa kuwawa kwake kuposa wina aliyense, ankawapatsa moni nalo m'mawa.

Patatha ngati mlungu umodzi ndi theka, tsiku lina ndinaitana koma sanayankhe. Anali pa chingwe akuanula nsalu, pafupi ndithu, moti sakanalephera kumva. Ndinaitananso. Anapitiriza kupinda nsalu, atandifulatira. Kachitatu ndinakweza mawu, ndipo anyamata aja anatuluka kudzaona. Magazi anandithamangira kumutu. Ine munthu wogawa, ndiime pakhomo ndikukuwa ngati wogulitsa matemba, wochapa n'kumandinyalanyaza pamaso pa ana. Galu uja anali cha kudzala monga mwa masiku onse. Ndinapita n'kukhuthulira jumbo yonse pamaso pake. Anali mafupa abwino a mwendo wa ng'ombe, odzaza mafuta. Amayiwo anamaliza kupinda nsalu zawo, anatenga kakontena kawo n'kumapita osacheuka.

Mawa lake ndinaitana kamodzi kokha. "Ndili pano, ada," anayankha, ndipo anabwera. Ndinadziuza kuti dzulo anali ndi zawo za kunyumba, ndipo ndawaphunzitsa khalidwe.

M'masiku omwewo mkulu wa ku Spain uja anapempha kuti mpando wake ausamutsire kutsogolo, kumene kulibe khitchini. Ndikamupititsira chakudya ankangothokoza n'kubwerera pa buku lake. Mafupa atsopano analeka kundipatsa. Ndinaganiza kuti mwendo ukumuyabwa m'chikhakha, kapena wasowa kwawo. Azungu tinkawadziwa kuti amasintha ngati nyengo, ndiye sindinazitengere kumtima.

Tsiku lochoka, chikhakha atachichotsa, anandiitana galimoto ili kale pageti. Anati pali fupa limodzi lomwe sanandiphunzitse. Anatulutsa lilime lake n'kuliloza. "La sin hueso," anatero. Anati tanthauzo lake ndi chopanda fupa, ndipo kwawo lilime amalitchula choncho akamanena za munthu wolongolola. Ine ndinaseka kwambiri, ndinati limenelo ndiye labwino kuposa onse. Iye sanaseke. Anandigwira chanza mwachidule n'kukwera galimoto. Ndinabwerera kukhitchini n'kukalemba mawuwo pansi penipeni pa katoni paja.

Amuna a amayi aja anamwalira mvula ikupita kumapeto. Eni loji anatipatsa galimoto, ndipo tinapita kumaliro antchito angapo. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, yozunguliridwa ndi chinangwa, pabwalo posesedwa bwino. Ndinakhala kumbali ya amuna, ndikumva Chitonga chodukaduka. Ndiye mkulu wa mpingo polankhula anatembenukira ku Chichewa kuti alendo timve. Anathokoza anthu a kuntchito. Kenako anati banja lamupempha kuti athokoze mwapadera wophika wa pa loji, chifukwa miyezi yomaliza malemuwo sankalandira china chilichonse koma msuzi wa mafupa amene wophikayo ankatumiza. Anafunsa ngati wophikayo alipo, aimirire anthu amuone.

Ndinaimirira. Anthu mazana anatembenuka, amayi ena anawomba m'manja chapansipansi. Pambali panga panali anyamata a m'khitchini amene ankaseka nane madzulo aliwonse, ndipo onse anaweramitsa mitu. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire. Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Ndinakhala pansi msangamsanga.

Kubwerako ndinachotsa katoni ija pakhoma n'kuiponya pamoto. Ndinauza anyamata kuti amene ndimumve akutchulanso dzina lija aona zakuda, ngati kuti analiyambitsa ndi iwo. Koma zimenezo sizinandipepukitse. Chimene chinkandidya n'chakuti amayiwo ankayenda ndi dzina lachipongwe akuliyesa ulemu, ndipo amene akanawauza zoona ndinali ine ndekha. Ndinakonza mawu anga milungu itatu yonse imene anakhala kunyumba. Ndinkawabwereza pa njinga popita ndi pobwera.

Atabwerera kuntchito ndinawapeza m'mawa pa chingwe, akuyanika. Anavala zakuda, ndipo anali ataondanso kuposa kale.

"Mwayuka uli, ama," ndinatero. Moni wa m'mawa ndi Chitonga chokhacho chimene ndinali nditaphunzira m'zaka zitatu.

Anandiyankha, nandithokoza chifukwa chobwera kumaliro.

"Ama, ndili ndi mawu. Ndinakulakwirani. Dzina lija ndinakupatsani silitanthauza zimene ndinakuuzani."

"Likutanthauza mafupa," anatero, akukutumula pilokesi.

Mawu onse ndinakonza aja anandithawa. 

"Anakuuzani ndani?"

"Abwana a chikhakha aja. Chipinda chawo ndinkakonza ndine tsiku lililonse. Ndinafuna kuwathokoza chifukwa cha dzina labwino la kwawo. Iwo anadabwa, anandifunsa kuti wandipatsa ndani. Ndiye anandiuza. Za galu uja anandiuzanso, chifukwa anazindikira pamene linachokera. Analira, munthu wamkulu."

"Munkalankhulana m'chilankhulo chanji?"

Linali funso lopusa, ndipo ndinadziwa likutuluka. Amayiwo anandiyang'ana koyamba m'mawa umenewo.

"Ada, ine sukulu ndinalekera Fomu 3. Chingerezi chimandiphwekera kuposa Chichewa chanuchi."

Zaka zitatu ndinagwira nawo ntchito, ndipo sindinaganizepo kuti munthu wochapa angacheze ndi mlendo popanda ine womasulira. Ndinayang'ana pansi. Ndinaona nsapato zawo zopukuta zija, ndi zanga zamafuta.

"Nanga bwanji munkayankhabe, ama? Bwanji simunandikalipire?"

"Tsiku limodzi sindinayankhe," anatero. "Linali tsiku lomwe anandiuzalo. Mukukumbuka kumene mafupa anapita."

Ndinkakumbuka.

"Tsiku limenelo ndinawaphikira phala lamadzi, analikana. Anagona osalawa kanthu. Ndiye ndinadzifunsa kuti chachikulu n'chiyani, dzina kapena munthu ali pamphasayo. Mafupa anali m'manja mwanu, ada. Ndinayankha."

Ananena zimenezi mopanda ukali, ngati akundiuza kuti sopo watha. Ndikanakonda akanandilalatira, anthu onse amve, mwina akananditemerako mbama. Ndinapepesa. Sindikumbuka mawu amene ndinagwiritsa ntchito, koma anali ochepa ndi osalongosoka. Iwo anangogwedeza mutu.

"Pa maliro paja ndinauza mkulu wa mpingo kuti akuthokozeni, chifukwa msuziwo ankamwadi," anatero. "Zimenezo ndi zoona, ndipo zinazo ndi zoonanso. Mafupa musandisungirenso, womwa msuzi kulibe. Muzipatsa ena, koma muzingowapatsa." Kenako anatola nsalu yaikulu ya pabedi m'beseni n'kundipatsa mbali imodzi. "Gwirani uko, tifinye."

Ndinagwira, tinafinya, madzi anandithira pa nsapato. Anayanika, natola ina. Ndinaima pamenepo pang'ono ndikudikira ngati anenanso kanthu, koma anali atamaliza.

Ndinakhala pa loji paja chaka china chimodzi ndisanapeze ntchito kwina. Mafupa ndinkawaika pa tebulo la panja kuti antchito agawane okha, ndipo sindinapatsenso munthu dzina. Pakhitchini dzina lija linazimiririka, poti ndinkaopseza. Ndinkaganiza kuti ndalipha.

Chaka chatha ndinadutsa ku Kande pa minibasi ndikupita ku Nkhata Bay. Titaima pa siteji kutsitsa anthu, ndinawaona amayi aja patsidya pa msewu, atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, tsitsi litayamba imvi m'mphepete mwa mpango. Thupi linali litabwerera. Ndinayamba kusuntha kuti nditsike ndikawapatse moni. Ndisanafike pakhomo, mtsikana wina wogulitsa nthochi, amene panthawi ija ayenera kuti anali ku pulayimale, anaitana mwansangala, mwaulemu ndithu, kuti, "A Wesosi, lero simugula?"

Amayiwo anacheuka n'kupita kukagula nthochi. Ine ndinabwerera pampando wanga, ndipo kondakitala anatseka chitseko.